Mpando Wanga Woyesera Besi

Mpando umenewo ndi wanga. Ndiyambe ndi mawu amenewa kuti tisadzakangane kutsogoloku. Ndi kampando kachitsulo ka miyendo itatu, kokhala pakona m'shopu ya Mawaya, pakati pa kabati ya galasi ndi katoni ya masipika akufa. Palibe analembapo dzina langa, koma aliyense wa mumsewu wathu amadziwa kuti amakhalapo ndine.

Mawaya ndi chibwenzi changa. Dzina lake lenileni analisiya kusukulu, kuno amadziwika ndi mawaya omwe amayenda nawo m'khosi tsiku lonse. Amakonza ndi kugulitsa mahedifoni, ndipo ine ndimaluka tsitsi mu saluni yoyang'anizana ndi shopu yake. Tinadziwana tsiku lomwe ndinamupititsira mahedifoni anga oduka waya. Atakonza anandiveka kuti ndiyese, ine n'kungonena mosaganiza kuti besi ikuthera pakhosi, siikutsika. Anasiya zomwe ankachita n'kundiyang'ana. Anandiveka ena, ndinati awa afika pachifuwa. Enanso ndinati awa ndi matope okhaokha, phokoso lambiri koma ng'oma yosamveka pomwe yagunda. Kuchokera tsiku limenelo anayamba kunditchula Sikelo.

Kayesedwe kathu kanali kotere. Katundu watsopano akafika, ankandikodola ndi dzanja ali pakhomo pa shopu. Ndinkakhala pa mpando uja n'kutsinzina, iye n'kuika nyimbo imodzimodzi ya masiku onse, ya gitala wa besi ndi ng'oma basi, voliyumu pamalo pomwepo. Ine sindinkalankhula. Ndinkangoloza ndi chala pomwe besi yafika: pakhutu, pakhosi, pachifuwa kapena pamimba. A pamimba ankawasungira anyamata okonda kuvina, a pachifuwa anthu odziwa nyimbo, a pakhutu ankawabweza komwe achokera.

Makina analinso nawo. Ndinamupatsa mutu wa chidole wa ku saluni, uja timavekapo mawigi, iye n'kuuboola m'makutu n'kuikamo timaikolofoni tolumikiza ku foni yake. Tinkautcha Apongozi, chifukwa umamva zonse koma suseka. Apongozi akavekedwa mahedifoni ankaonetsa manambala ndi mizere yokwera ndi kutsika. Koma Mawaya ankati Apongozi amadziwa kuchuluka kwa besi, pomwe ine ndimadziwa kukoma kwake. Ndi mkazi uti angamve mawu otere osasungunuka? Ine ndinasungunuka, ndipo sindipepesa.

*

Zinthu zinayamba kupotoka nditangochira chimfine chomwe chinandigoneka masiku angapo. Nditabwerera pa mpando wanga ndinapeza katundu watsopano, mahedifoni onyezimira oti ukhoza kudziyang'anirapo nkhope. Ndinayesa oyamba n'kumuuza kuti mbali ya kumanzere ndi yofooka. Achiwiri chimodzimodzi, achitatunso. Ndinamuseka kuti wagula chikomekome cha mkuyu, awabweze asanamuchititse manyazi kwa makasitomala. Iye sanaseke. Anamasula amodzi, kuwayang'ana m'kati, kuwaveka Apongozi, kuyang'ana foni nthawi yaitali. Kenako anandiuza kuti nditsinzinenso n'kundiveka kachiwiri. Nditaloza kumanzere komwe kuja anangoti, "Chabwino, Sikelo," n'kundipsompsona pachipumi.

Kuyambira pamenepo kukodola kuja kunatha. Ndikafunsa ankati katundu sanabwere. Koma ine maso ndili nawo, ndipo zenera la saluni yathu silibisa kanthu. Makatoni ankatsitsidwa, mahedifoni onyezimira aja ankagulidwa, osabwezedwa ngakhale amodzi.

Tsiku lina masana ndikuluka kasitomala, ndinadzutsa mutu n'kuona munthu pa mpando wanga. Mtsikana, atatsinzina, mahedifoni kumutu, kachala kake kali pachifuwa. Ngakhale kalozedwe kathu anali atamuphunzitsa. Mawaya anali atamuweramira, akumukonza mahedifoni kuti asamupane tsitsi, monga ankachitira ndi ine. Ndinakoka tsitsi la kasitomala wanga mpaka anandifunsa ngati ndikuluka kapena ndikuzula.

Mtsikanayo ndinkamudziwa. Timamutcha Wakwaya, chifukwa amaimba ku tchalitchi komwe amapemphera achemwali ake a Mawaya. Achemwaliwo ndiwo analera Mawaya makolo awo atamwalira, ndipo mawu awo m'banjamo ndi lamulo. Ine sanandifunepo. Anauza mlongo wawoyo kuti mkazi wa mu saluni pakamwa pake sipatseka, ndipo mkazi wa banja amapezeka pa benchi la kutsogolo Lamlungu. Wakwaya si wokongola kwenikweni, ndinene chilungamo. Chabwino, maso ali nawo, khosi lalitali, ndi mano oyera omwe amawaonetsa popanda chifukwa. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, koma uyu nyimbo amazidziwa asanaipe n'komwe, ndipo n'zimene zinandiwawa koposa.

Mnzanga amene timagwira naye ntchito anati ndisiye kudzizunza, ndikangofunsa mwini wake. Anawonjezera kuti nsanje yandigonthetsa, chifukwa masiku amenewo ankachita kundiitana kangapo ndisanatembenuke. Ndinamuuza kuti asamale zake.

*

Ndinamulembera Mawaya uthenga: "Ndaona wagula sikelo yatsopano. Yakaleyi uitaya kuti?"

Anawerenga nthawi yomweyo. Ndinaona akulemba, n'kusiya, n'kulembanso, n'kusiyanso. Zomwe zinafika pamapeto pake zinali zoti tikambirana poweruka. Kwa ine, munthu wolemba n'kumafufuta chotere amakhala akusankha bodza lomukwana bwino.

Poweruka anandiperekeza kokwerera basi monga mwa masiku onse. Anafotokoza kuti achemwali ndiwo anachita kubwera naye Wakwaya, kuti sakanamuthamangitsa, kuti ine masana ndimatanganidwa ndipo safuna kundichotsa pa makasitomala anga. Ndinamufunsa kuti ndinayamba liti kutanganidwa, popeza kuyambira kale ndakhala ndikusiya mitu ya anthu theka kuthamangira kwa iye. Ndinamufunsa ngati makutu a Wakwaya ndi abwino kuposa anga.

"Si nkhani ya makutu ake," anatero akuyang'ana nsapato zake.

"Ndiye ndi nkhani ya chiyani chake?"

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wopanikizika, n'kundigwira dzanja. Ndinalichotsa. Ndipo pomwepo ndinazindikira chinthu china chomwe chinandilasa mtima. Kuyambira tsiku loyamba, pa njira imeneyi Mawaya ankayenda kumanzere kwanga, mbali ya magalimoto, ati galimoto ikaphonya msewu iyambire iye. Tsopano anali kumanja, ine ndiye ndili kumsewu. Nditaganiza bwino ndinakumbukira kuti si tsiku limenelo lokha. Ndinati mumtima, basi, mwamuna akapeza wina, iwe galimoto ikhoza kukuwomba iye osataya tulo.

Ndili m'basi uthenga wake unalowa: "Mpando ndi wako, Sikelo. Ndipatse nthawi." Ndinauwerenga kambirimbiri osayankha. Mpando wanga, koma wofunda ndi thupi la wina.

*

Lachisanu Wakwaya anabwera mu saluni. Mipando ina inali yopanda anthu, koma anasankha wanga. Ndinamuveka nsalu ya m'khosi n'kumanga molimba pang'ono kuposa mmene timamangira.

Ndinkayembekeza munthu wodzitukumula, koma iye anabwera ndi ulemu wotopetsa. Anayamikira manja anga. Anati Mawaya amandinena tsiku lililonse, kuti palibe wodziwa besi ngati ine, kuti iye akungogwirizira malo. Ndinamuuza kuti sindinkadziwa kuti malo anga ndi osowa mwini. Anameza mawu amenewo ngati sanawamve.

Kenako anapotoza khosi lake lalitali lija, n'kundiyang'ana m'maso, n'kufunsa mokweza, pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi mwana: "Kodi asisi, chimfine chija chinatheratu? Simukumva kupweteka pena paliponse?"

Chipeso chinatsala pang'ono kundipulumuka. Chimfine changa anachidziwa bwanji? Ndiye kuti awiriwa akakhala m'shopu muja amandikambirana, mpaka mamina anga omwe. Ndinamuyankha kuti ndili bwino kwambiri, ndipo asamakuwe chifukwa muno si mu kwaya. Ndinamuluka bwino, poti dzina la ntchito yanga sindingaliononge chifukwa cha iye, koma ndinaonetsetsa kuti usiku umenewo asagonere mbali iliyonse.

*

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Loweruka masana ndinavula epuloni, kudzola milomo, n'kuwoloka msewu. Onse atatu analimo. Achemwali anali pa mpando wa makasitomala chikwama chili pamiyendo, Wakwaya pa mpando wanga, Mawaya ataima ndi mahedifoni amitundu iwiri m'manja, akuda ndi ofiira.

Ndinapereka moni mwaulemu wonse. Kenako ndinati ndamva kuti pali woyesa watsopano, ndiye ndabwera kuti tiyesane. Aliyense avale akuda ndi ofiira, anene za besi yake, Apongozi aweruze. Wolephera asadzakhalenso pa mpandowo.

Nkhope ya Mawaya inagwa. Anati si tsiku lake, ntchito yachuluka, pomwe m'shopumo munalibe kasitomala ngakhale mmodzi. Wakwaya anaimirira msanga n'kunena ndi mawu ake osalala aja kuti iye safuna mpikisano, mpando ndi wanga, angopita. Ndipo anandiyang'ana ndi chisoni. Chipongwe ndikanachilandira, koma chisoni cha mkazi amene wakhala pamalo pako chimawawa kuposa mbama.

"Musiye ayese," achemwali anauza Mawaya. "Si uyu umati ali ndi makutu a golide? Nafenso timuone."

Mawu a achemwali sabwerera. Wakwaya anayamba. Anatsinzina, pa akuda analoza pachifuwa, pa ofiira analoza pakhosi, n'kuchoka pa mpando ngati wamuwotcha. Ndinakhalapo ine n'kutsinzina. Mawaya anandiveka akuda aja. Nyimbo yathu inayamba, gitala uja akutsika pang'onopang'ono ngati munthu wotsika masitepe. Pa akuda, kumanja besi inali yonenepa bwino, koma kumanzere inali yopyapyala, yongokanda khutu. Pa ofiira chimodzimodzi. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinanena mokweza, ndili chitsinzinire, kuti onse ndi olumala mbali ya kumanzere, ndipo woyesa weniweni akanayamba wanena zimenezo asanathamangire kuloza pachifuwa.

Ndinkadikira kuti wina anditsutse.

Mawaya anandivula ofiirawo, n'kundivekanso. Anakankha mbali imodzi pang'ono n'kundinong'oneza kukhutu la kumanja. "Mveranso, Sikelo. Yofooka ndi mbali iti?"

Ndinamvetsera. "Kumanzere. Ndanena kale."

"Tsegula maso."

Ndinatsegula. Pagalasi la kabati ndinadziona ndekha, milomo yofiira, mahedifoni ofiira. Mahedifoni amenewo waya wake amatulukira mbali imodzi yokha, ndipo poyamba paja ndinamumva akundikhudza phewa la kumanzere. Tsopano ankalendewera kumanja. Mawaya anali atawatembenuza. Mbali yomwe ndinaitcha yolumala inali pa khutu langa la kumanja ikugunda bwinobwino, ndipo yomwe ndinaiyamikira inali kumanzere, ine osaimva.

Ndinawavula ndekha, kuwatembenuza, kuvalanso. Ndinawatembenuzanso. Kufooka kuja sikunasunthe. Sikunali m'mahedifoni, kunali m'khutu mwanga.

Zonse zinabwera nthawi imodzi. Chimfine chija. Mnzanga wondiitana kangapo ndisanatembenuke. Wakwaya wolankhula mokweza mu saluni. Mwamuna wosiya mbali ya magalimoto kuti ndizimumva akamalankhula. Manyazi anandigwira thupi lonse, ndipo milomo yofiira ija inayamba kundilemera.

Achemwali anaimirira n'kukoleka chikwama paphewa. Anandiuza, mosakalipa n'komwe, kuti ndipite kuchipatala. Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo. "Shopu siyendera chisoni, iwe. Nyumbanso chimodzimodzi." Anatuluka atamugwira Wakwaya padzanja ngati mwana wawo.

*

Titatsala awiri sindinalire msanga. Ndinayamba ndakalipa. Ndinamufunsa kuti anadziwa liti, ndipo anavomera kuti linali tsiku la mahedifoni onyezimira lija. Apongozi anaonetsa kuti mbali zonse ziwiri n'zofanana, ndipo atandiveka kachiwiri ndili chitsinzinire, anali atawatembenuza monga wachitira lero. Anati ankaganiza kuti khutu litseguka lokha chimfine chikatheratu, ine n'kubwerera pa mpando osadziwa kuti panachitika kanthu. Anati anafunsafunsa, ndipo anamuuza kuti nthawi zambiri zoterezi zimathandizika munthu akapita kuchipatala msanga. Ankangosowa poyambira kundiuza.

"Unafunsa ndani?"

Anayamba kupinda waya wa mahedifoni, kumupinda n'kumumasula. Ndinabwereza funso. Anati mkulu wake wa Wakwaya amagwira ntchito kuchipatala cha makutu.

"Ndiye iye ankadziwa za khutu langa, ine mwini wake ndisakudziwa."

"Ndinkafuna thandizo, Sikelo."

"Unakalipeza pa khosi lalitali."

Sanadziteteze. Anakhala pa katoni ya masipika akufa ija, kumanja kwanga, n'kunena akuyang'ana pansi kuti ankaopa kuti ndikadziwa ndisiya kubwera. Anati pa mpando umenewu m'pamene tinayambira, ndipo sakudziwa kuti shopu ino ingakhale chiyani ine nditapanda kukhala pakona apo. Pamenepo ndiye ndinalira, sindibisa. Ndinalira chifukwa cha khutu, chifukwa cha manyazi pamaso pa achemwali, komanso chifukwa ndinali ndisanathe kumukwiyira koma mtima unali utamukhululukira kale osandifunsa.

Analonjeza kuti Lolemba atseka shopu, tipitire limodzi kuchipatala. Ndinati chipatala chilichonse kupatula cha mkulu wake wa Wakwaya. Anaseka, nanenso ndinaseka misozi ili m'masaya.

Kenako anatenga akuda aja. Anandiveka mbali imodzi yokha, pa khutu la kumanja, inayo n'kuikankhira kumbuyo kwa khutu lodwalalo. Anati khutu langa limodzi limaposa awiri a munthu aliyense mumsewu uno. Ndinadziwa kuti akundinyengerera, koma ndinamulola. Ndinatsinzina. Gitala anayamba kutsika masitepe ake, ng'oma inalowa, besi inadutsa pakhosi n'kukhazikika. Wakwaya sananame, analidi a pachifuwa. Ndinaika chala pamenepo n'kumwetulira, kudikira kuti dzanja la Mawaya lindikhudze paphewa monga amachitira ndikaloza molondola.

Dzanja silinabwere. Ndinatsegula maso.

Pagalasi la kabati ndinaona anthu awiri. Wakwaya anali atabwerera, ambulera yomwe anaiwala ili m'manja. Anaima kumanzere kwanga, pafupi kwambiri moti ndikanatambasula dzanja ndikanamukhudza, ndipo ankalankhula ndi Mawaya chapansipansi. Milomo yake inkayenda mofulumira. Dzanja lake lina linali litagwira mawaya a m'khosi mwa chibwenzi changa. Khutu langa labwino linali lodzaza besi, lodwalalo linali lotsegula koma losamva kanthu, ndipo mtsikanayu ankadziwa bwino lomwe mbali yomwe waima.

Ndinathothola mahedifoni. Mawu ake anali atatha kale. Ndinangopeza yankho la Mawaya, lotsika, la munthu wochonderera.

"Osati lero. Ndakuuza kale, osati lero."

Onse awiri anatembenuka kundiyang'ana. Pa kabati, Apongozi anali atamva zonse, ndipo mwa chizolowezi chawo sananene kanthu.